Dzimbiri lothandiza kujambula m'thupi, ndi mmene linatsala pang'ono kutayidwa

Chakumapeto kwa 2008 kampani ya AMAG Pharmaceuticals ya ku America inasiya kupanga mankhwala otchedwa Feridex. Sikuti boma linawaletsa, ndipo sikuti ankalephera ntchito yake. Kuyambira 1996 pamene anavomerezedwa, ankathandiza madokotala kuona zotupa za m'chiwindi pa makina a MRI. Vuto linali lakuti zipatala sizinkawagula mokwanira. Chaka chotsatira mankhwala anzake a ku Ulaya, Resovist, nawonso anasiya kugulitsidwa, n'kutsala ku Japan. Onse awiri anali tinthu ting'onoting'ono ta chitsulo chosakanikirana ndi okosijeni, tinene mosabisa kuti mtundu wa dzimbiri, toyandama m'madzi, tobayidwa mu mtsempha wa munthu.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndimakhulupirira kuti chimene chinatayidwa nthawi imeneyo chingatithandize ife kuposa amene anachitaya. Ndikunena ife a kumayiko kumene makina ojambulira ndi owerengeka, ndiponso kumene munthu impso zake zikafa chithandizo n'chosowa. Koma kuti zimveke, ndiyambire pa makinawo.

MRI sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Imadalira hayidirojeni, yomwe ili m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi. Pakati pa atomu iliyonse ya hayidirojeni pali kachinthu kokhala ndi mphamvu ya maginito. Munthu akagonekedwa m'makina aja, maginito aakulu amachititsa tinthu timeneti kuloza mbali imodzi. Kenako makina amatumiza mafunde a wailesi amene amatipendeketsa, n'kusiya, ndipo pamene tikubwerera m'malo timatulutsa kachizindikiro kamene kompyuta imasandutsa chithunzi. Hayidirojeni ya mu mnofu, ya m'mafuta ndi ya m'chotupa sibwerera pa liwiro limodzi, n'chifukwa chake pena pamawala, pena pamada. Paul Lauterbur anaonetsa njirayi mu 1973, Peter Mansfield wa ku Nottingham anaifulumizitsa, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Nthawi zina chotupa ndi mnofu wabwino zimafanana kwambiri moti chithunzi sichinena kanthu. Apa ndi pamene amabaya mankhwala amene ogwira ntchito m'chipinda chojambulira amangoti contrast. Mankhwalawo saoneka okha pa chithunzi. Chimene amachita n'kusintha liwiro la madzi amene ali pafupi nawo, ndiye paliponse pamene afika pamawala kapena kuda kuposa pozungulira.

Pafupifupi contrast yense wa MRI amene amagwiritsidwa ntchito masiku ano ndi wa gadolinium, chitsulo chimene chinapatsidwa dzina pokumbukira katswiri wa ku Finland, Johan Gadolin. Woyamba, Magnevist, anatuluka mu 1988. Gadolinium payekha ndi poizoni. Kukula kwake n'kofanana ndi kwa calcium, ndiye amalowa m'malo amene calcium amayenera kugwira ntchito n'kusokoneza. Choncho amamumanga m'kati mwa mankhwala ena amene amamugwira mwamphamvu, n'cholinga choti impso zimutulutse mu mkodzo asanamasuke. Kwa munthu wa impso zabwino, theka limakhala litatuluka pasanathe maola awiri.

Nanga wa impso zofooka? Kuyambira 1997 madokotala a ku California anayamba kuona odwala a pa dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, amene khungu lawo linkauma n'kulimba, manja ndi miyendo n'kumakanika kuwongoka, ena mpaka kulephereratu kuyenda. Matendawa anadzatchedwa nephrogenic systemic fibrosis. Panatenga zaka pafupifupi khumi kuti chifukwa chake chidziwike. Mu 2006 dokotala wa impso wa ku Austria, Thomas Grobner, anaona kuti odwala ake amene anadwala matendawa anali atangobayidwa kumene gadolinium. Mu 2014 Tomonori Kanda wa ku Japan anaonetsanso kuti ngakhale mwa anthu a impso zabwino, amene anabayidwa kangapo amatsala ndi kachizindikiro ka gadolinium mu ubongo. Mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaimitsa mitundu ingapo yakale. Ndipo popeza zambiri zimathera mu mkodzo, gadolinium wa m'zipatala amapezeka m'mitsinje, monga anayamba kuonera ku Germany m'ma 1990.

Sindikufuna kuopseza aliyense amene dokotala wamuuza kuti ajambulidwe ndi contrast. Mitundu ina, monga Dotarem ndi Gadovist, imagwira gadolinium molimba kwambiri. Chiyambireni kuyeza impso asanabaye, matenda a khungu aja anatsala pang'ono kutheratu, ndipo anthu mamiliyoni ambiri athandizidwa popanda vuto. Mfundo yanga ndi yakuti gadolinium alibe ntchito iliyonse m'thupi. Thupi silidziwa chochita naye kupatula kumutulutsa, ndipo kwa mitundu yambiri khomo lotulukira ndi limodzi lokha, impso.

Ayironi, chitsulo cha m'tinthu ta dzimbiri tija, ndi wosiyana. Munthu wamkulu amakhala ndi magalamu 3 kapena 4 m'thupi, ndipo wambiri ali m'maselo ofiira a magazi. Maselo amenewa amakhala masiku pafupifupi 120, akakalamba amamezedwa ndi maselo ena odya zinyalala otchedwa macrophage, amene amachotsamo ayironi n'kumubweza m'mafupa kuti apangire magazi atsopano. Tsiku lililonse mamiligalamu 20 mpaka 25 amazungulira chonchi. Wotsala amasungidwa mu puloteni yotchedwa ferritin, kampira kokhala ndi mphako ya nanomita pafupifupi 8, momwe mungalowe maatomu a ayironi okwana 4,500. Chimene chimandidabwitsa nthawi zonse n'chakuti m'mphako imeneyo ayironi amasungidwa atasakanikirana ndi okosijeni, ngati kanjere ka dzimbiri. Thupi linayamba kalekale kupanga tinthu ta mtundu womwewu, asayansi asanaganize zotibaya mu mtsempha.

Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Tsitsi limodzi limakhuthala nanomita masauzande makumi angapo, pomwe njere ya chitsulo ya mankhwalawa siposa nanomita 10 kapena 20. Kuchepaku sikuti n'kongofuna kuti tidutse mu singano. Mwala wa magnetite, womwe ndi chitsulo chosakanikirana ndi okosijeni ngati njerezi, ukakhala waukulu umasunga mphamvu ya maginito, ndipo zidutswa zake zimakokana n'kuundana, zomwe mu mtsempha zingatseke njira ya magazi. Koma njereyo ikachepa kufika pamenepa, kutentha kwa thupi kokha kumakwanira kutembenuza mphamvu yake uku ndi uku mosalekeza, moti kunja kwa makina imakhala ngati ilibe maginito. Ikalowa m'makina a MRI imakhala maginito amphamvu kwambiri, ikatuluka imasiyanso. Louis Néel wa ku France ndi amene anafotokoza khalidwe limeneli. Pamwamba pa njereyo amakutapo shuga wa mtundu wa dextran kapena wofanana naye, kuti tisamatane komanso kuti magazi atilandire.

Tinthu tokulirapo, monga ta Feridex, timamezedwa msanga ndi ma macrophage a m'chiwindi, amene amatchedwa maselo a Kupffer. Chiwindi chabwino chili ndi maselo amenewa ponseponse, ndiye chimameza chitsulo n'kuda bii pa chithunzi. Chotupa cha khansa chimene chafalikira kuchokera kwina chilibe maselo a Kupffer. Sichimeza kanthu, chimatsala choyera ngati kakowa pa lupsa. Ntchito ikatha, selo lomwe lija limasungunula shuga, n'kusungunula njere, ayironiyo n'kulowa mu ferritin, ndipo pakapita milungu amapezeka m'maselo ofiira a munthu yemweyo. Impso sizikhudzidwa.

Ndiye anagonja bwanji? Feridex ankafuna diripi ya mphindi 30, ndipo odwala ena ankamva msana kupweteka. Gadolinium amabayidwa kamodzi, munthu ali kale m'makina. Madokotala owerenga zithunzi anazolowera kuti chodwala chiziwala, ndipo mdima umawavuta chifukwa mpweya, magazi oundana ndi zinthu zina nazonso zimaoneka zakuda. Kenako kunabwera Primovist, gadolinium wopangidwira chiwindi, amene anatenga msika wonse. Zifukwa zimenezi n'zomveka kwa chipatala chimene chimajambula anthu ambiri pa tsiku ndipo chimawerengera mphindi iliyonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mankhwala ena a kampani ija ya AMAG, ferumoxtran-10, amene ku America ankatchedwa Combidex, ku Ulaya Sinerem. Tinthu take n'tating'ono kuposa ta Feridex, pafupifupi nanomita 30 pamodzi ndi chokutira. Chiwindi sichitigwira msanga, ndiye timazungulira m'magazi nthawi yaitali, n'kutuluka pang'onopang'ono kukafika mu timinofu tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda, timene timati mwanabere. Khansa ikayamba kufalikira, kawirikawiri imayambira m'timinofu timeneti, ndipo funso limene dokotala wa opaleshoni amafuna liyankhidwe ndi lakuti: yafika kale kapena ayi? Kujambula wamba kumayankha poyang'ana kukula kokha. Kamnofu kakaposa sentimita imodzi amakakayikira. Koma kakhoza kutupa chifukwa cha matenda ena, ndipo kena kakhoza kukhala kakang'ono kali ndi khansa m'kati. Kwathu kuno, kumene TB ndi HIV zimatupitsa anabere a anthu ambiri, kuyeza ndi kukula kokha n'kosadalirika kwenikweni.

Ferumoxtran sayang'ana kukula, amayang'ana ntchito. Kamnofu kabwino kali ndi ma macrophage, kamameza chitsulo n'kuda. Pamene pali khansa pamatsala powala. Mu 2003 Mukesh Harisinghani wa ku Massachusetts General Hospital, Jelle Barentsz wa ku Nijmegen ku Netherlands ndi anzawo anasindikiza zotsatira mu New England Journal of Medicine. Mwa amuna 80 a khansa ya prostate, 33 anali ndi khansa imene inafika mu anabere, ndipo njirayi inawapeza onse 33. Powerengera kamnofu kalikonse pakokha, inapeza pafupifupi 90 pa 100 alionse, pomwe MRI wamba inapeza 35 pa 100. Ngakhale zinali choncho, mu 2005 komiti yolangiza FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inakana kuti mankhwalawa avomerezedwe, chifukwa kampani inapempha chilolezo cha makhansa ambiri ilibe umboni wokwanira pa yonse. Mu 2007 amene anapempha chilolezo ku Ulaya anachotsa okha pempho lawo. Odwala anatsala opanda mankhwala amene anali ataonetsa kuti angawapulumutse ku opaleshoni yosafunika. Barentsz sanawasiye. Chipatala chake cha Radboud chinatenga ufulu wowapanga n'kuyambanso kuwagwiritsa ntchito, ndipo tsopano akudziwika ndi dzina loti Ferrotran.

Pamene zonsezi zinkachitika, kampani ija inali ndi mankhwala enanso amene inawayamba ngati contrast wa mitsempha ya magazi, ferumoxytol. Inaona kuti ndalama zili kwina. Odwala impso ambiri amakhala ochepa magazi, ndipo mapiritsi a ayironi sawathandiza mokwanira. Choncho mu 2009 ferumoxytol anavomerezedwa ndi dzina loti Feraheme, ngati mankhwala a kuchepa kwa magazi, mamiligalamu 510 a ayironi pa botolo. Papepala la m'bokosi analembapo chenjezo lakuti mankhwalawa akhoza kusokoneza zithunzi za MRI mpaka miyezi itatu. Madokotala ojambula ataona chenjezo limeneli anadziwa kuti apeza chimene ankachisowa: contrast amene anayesedwa kale pa anthu a impso zofooka, anthu omwe aja amene gadolinium ankawaopsa.

Ferumoxytol amakhala m'magazi nthawi yaitali, theka lake limachoka pakatha maola pafupifupi 15. Akaperekedwa wochepa sadetsa chithunzi, amawalitsa mitsempha, ndipo kuwalako sikutha m'masekondi ochepa monga zimakhalira ndi gadolinium. Kwa khanda lobadwa ndi vuto la mtima, limene mitsempha yake ndi yopyapyala ndipo silingauzidwe kuti ligwire mpweya, zimenezi zimasintha zinthu kwambiri, chifukwa wojambula sakhala pa mpikisano ndi nthawi. Gulu la Paul Finn ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles lagwira ntchito yaikulu pamenepa. Ku Stanford, Heike Daldrup-Link ndi anzake anaonetsa mu 2014 kuti angathe kuona pamene khansa yafika m'thupi lonse la mwana popanda cheza chimene chimabwera ndi makina ena ojambulira a PET ndi CT. Ku Oregon, Edward Neuwelt anatha zaka zambiri akuwayesa pa zotupa za mu ubongo. Onsewa ankagwiritsa ntchito mankhwalawa pa ntchito imene sinalembedwe pa chilolezo chake. Mu 2025 m'pamene FDA inavomereza ferumoxytol ngati contrast, ndi dzina loti Ferabright, pa kujambula ubongo wa akuluakulu amene ali ndi khansa kapena akuganiziridwa kuti ali nayo.

Mankhwalawa alinso ndi ngozi yake, ndipo si yaing'ono. Poyamba ankaloledwa kubayidwa botolo lonse m'masekondi osakwana 20. Anthu ena thupi lawo linkawakana mwadzidzidzi, kubanika, kuthamanga kwa magazi kutsika, mtima kuima. Mu 2015 FDA inalengeza kuti m'zaka zisanu inalandira malipoti 79 otere, ndipo anthu 18 anamwalira. Inalamula kuti azisungunulidwa m'diripi, azilowa kwa mphindi zosachepera 15, wodwala aziyang'aniridwa kwa theka la ola pambuyo pake. Chaka chomwecho anachotsedwa pamsika wa ku Ulaya. Pojambula, mlingo umakhala wochepa ndipo umaperekedwa pang'onopang'ono. Kaundula wa zipatala zingapo amene anasindikizidwa mu 2019, wa odwala oposa 3,000, sanapeze imfa kapena vuto loika moyo pachiswe. Komabe chipinda chilichonse chobayira mankhwalawa chiyenera kukhala ndi adrenaline, okosijeni ndi munthu wodziwa kutsitsimutsa wodwala.

Tsopano za kwathu. Makina a MRI anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008, kudzera mu ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi gulu lofufuza za malungo ku Blantyre. Mphamvu ya maginito ake, imene imayezedwa mu tesla, inali 0.35, pomwe zipatala za kumayiko olemera zimagwiritsa ntchito 1.5 kapena 3. Makina ofooka amenewa ndi amene anayankha funso limene linazunguza madokotala zaka zoposa zana, la chimene chimapha mwana wodwala malungo a mu ubongo. Mu 2015 Karl Seydel, Sam Kampondeni, Taylor ndi anzawo anaonetsa, pa ana 168, kuti mwa amene anamwalira 84 pa 100 alionse ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27 pa 100. Pambuyo pake chipatala chomwechi chinayesanso makina a Hyperfine, a tesla 0.064, okankha pa mateyala mpaka pa bedi la wodwala, olumikiza pa soketi wamba.

Ndikutchula zimenezi chifukwa mayiko ngati athu akadzakhala ndi MRI m'zipatala za m'maboma, adzakhala makina ofooka ngati amenewa, osafuna helium woziziritsira maginito kapena chipinda chapadera. Ndipo pa mphamvu yochepa chonchi tinthu ta chitsulo timasintha khalidwe. Kudetsa kuja kumachepa, kuwalitsa kumakula, moti ofufuza aonetsa m'malabu kuti timawalitsa kuposa gadolinium pa mlingo wofanana. Chimene chinali chilema pa makina a tesla 1.5 chimachoka. Onjezanipo kuti kwa zaka zambiri makina a dialysis a boma anali m'zipatala ziwiri zokha, Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, kuti anthu ambiri a BP ndi shuga sadziwa mmene impso zawo zilili, ndiponso kuti kuchepa kwa magazi n'kofala pakati pa amayi ndi ana. Contrast amene safuna impso ndipo amathera m'magazi a wodwala ndi woyenera kuganiziridwa mozama kuno.

Palinso ntchito ina ya tinthu tomweti imene sifuna n'komwe MRI. Pa opaleshoni ya khansa ya m'mawere dokotala amafuna kupeza mwanabere woyamba wa m'khwapa amene khansa ingafikeko. Njira yozolowereka imagwiritsa ntchito technetium, yotulutsa cheza, imene theka la mphamvu yake limatha m'maola 6 ndipo gwero lake ndi malo a nyukiliya monga Pelindaba ku South Africa. Kampani ya Endomag ya ku Cambridge inapanga Magtrace, madzi a tinthu ta chitsulo amene amabayidwa m'bere, ndipo dokotala amatsatira ndi kachipangizo kogwira m'manja kozindikira maginito. FDA inavomereza mu 2018. Amasiya banga lofiirira pakhungu mwa ena, koma amasungika pa shelefu kwa nthawi yaitali.

Sindikunena kuti tingoitanitsa makatoni. Thupi lilibe njira yotulutsira ayironi wochuluka, limangotaya miligalamu imodzi kapena awiri pa tsiku, choncho chilichonse chimene chalowa chimakhala. Mwana wa sickle cell amene waikidwa magazi kambirimbiri akhoza kukhala kale ndi ayironi wopitirira muyeso m'chiwindi. Madokotala a ku South Africa ndi Zimbabwe analemba kalekale za amuna amene chiwindi chawo chinadzaza ayironi chifukwa cha mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo. Ndiye pali malungo. Kafukufuku wa ana pafupifupi 24,000 pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, wosindikizidwa mu 2006, anaimitsa msanga kupereka ayironi ataona kuti ana olandira ankagonekedwa m'chipatala kuposa anzawo. Tizilombo nato timafuna ayironi. Odwala a ku Los Angeles ndi Nijmegen amene anayesedwa ferumoxytol ndi ferumoxtran sankakhala kumalo a udzudzu wa malungo.

Mafunso amenewa angayankhidwe kuno, ndipo luso lake lilipo kale. Kafukufuku wa REVAMP, amene anachitika ku Zomba ndi Blantyre motsogozedwa ndi Kamija Phiri ndi Sant-Rayn Pasricha, anatsatira amayi oyembekezera 862 ochepa magazi, theka lawo n'kulandira ayironi wa mu diripi wotchedwa ferric carboxymaltose. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 2023. Mankhwala amenewo si a MRI, koma ntchitoyo inaonetsa kuti anamwino ndi madokotala athu angathe kupereka ayironi wa mu mtsempha mosamala, m'dera la malungo, n'kutsatira odwala mpaka kumapeto. Chimene ndikufuna kuona ndi kafukufuku wotere wa ferumoxytol pa makina a tesla 0.064, woyambira pa akuluakulu a impso zofooka amene dokotala akufuna kuona mitsempha yawo. Aliyense ayezedwe malungo ndi ferritin asanalandire diripi, ndipo atsatiridwe kwa miyezi itatu imene chitsulocho chimakhala chikuonekabe pa chithunzi.